BOWA AMENE AMADYA OYILO: KODI ANGAYERETSE DOTHI LA M'MAKOMBONI?

M'makomboni ambiri, monga ku Kapata ndi ku Mchini mu Chipata, kapena ku Kanyama ndi ku Chawama mu Lusaka, muli malo amene dothi lake linada bii ndipo udzu sumerapo. Awa ndi malo okonzerapo magalimoto, poimika maminibasi ndi pa zigayo za dizilo. Cimene cinadetsa dothilo ndi oyilo wakutha ndi dizilo wotayika. Mvula ikagwa, zina mwa zonyansazi zimalowa pansi kumene kuli madzi a m'zitsime, ndipo zina zimatengedwa ndi ngalande mpaka kumadimba.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a sayansi akhala akuyesa kuyeretsa dothi lotere pogwiritsa nchito bowa. Phunziro ili lifotokoza poizoni amene ali m'mafuta, mmene bowa amamugayira, zimene zinapezeka pamene njirayi inayesedwa, ndi zimene banja liyenera kucita pofuna kuteteza citsime ndi ana.

POIZONI WA M'MAFUTA

Petulo, dizilo, palafini, oyilo wa injini, girizi ndi phula la pamsewu, zonsezi zimacokera ku mafuta amodzi okumbidwa pansi pa nthaka. Asayansi amazicha mahaidrokaboni cifukwa zinapangidwa ndi zinthu ziwiri, haidrojeni ndi kaboni. Kaboni ndi cinthu cakuda cija cimene cili m'makala.

Tizidutswa ta mahaidrokaboni n'tating'ono kwambiri moti maso sangatione, ndipo tili m'magulu awiri. Tina tinalumikizana ngati unyolo. Timeneti sitivuta kwambiri, cifukwa mabakiteriya a m'dothi amatha kutidya pang'onopang'ono. Tina tinapindika ngati mphete, ndipo timeneti ndito touma mutu.

Wa mphete imodzi amachedwa benzene, ndipo amapezeka mu petulo. Benzene amawononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, motero amayambitsa kucepa kwa magazi ndi khansa ya m'magazi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linaika malire akuti lita imodzi ya madzi akumwa isakhale ndi benzene woposa mamaikrogiramu 10. Kunena mosavuta, kasipuni kamodzi ka tiyi ka benzene kakwanira kufikitsa pa malire amenewa madzi odzaza madramu oposa 2,000.

Ena ali ndi mphete zambiri zomatana ngati zisa za njuci, ndipo dzina lawo lacidule ndi PAH. Amapangika pamene mafuta, nkhuni, matayala kapena makala akupsa mosakwanira. Conco amapezeka m'mwaye, mu utsi wa dizilo, mu oyilo wakuda wocotsedwa mu injini, ndi m'mankhwala akuda ochedwa creosote amene amapakidwa ku mapolo a magetsi ndi matabwa a njanji. Kuopsa kwake kunadziwika kalekale. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anyamata osesa mwaye m'macumuni anali kudwala khansa ya pakhungu la kumalisece. Patapita zaka zambiri zinapezeka kuti m'mwaye muli PAH, makamaka wa mphete zisanu wochedwa benzopyrene, amene ali m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Ma PAH olemera sasungunuka bwino m'madzi. Amakakamira ku dothi ndi kukhalamo zaka zambiri.

MMENE POIZONI AMAFIKIRA BANJA

Njira zake ndi zinayi: kumwa madzi a citsime cimene mafuta alowamo, kupuma utsi ndi fumbi, kukhudza pakhungu, ndi kudya. Ana aang'ono ndiwo ali pangozi yaikulu cifukwa amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Amakanika nawonso ali pangozi, pamodzi ndi amai amene amacapa maovolosi awo ndi manja.

Ku Lusaka vutoli ndi lalikulu cifukwa mbali yaikulu ya mzindawu ili pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo ku malo monga Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Cimene catayidwa pamwamba sicicedwa kufika m'citsime.

Za kumene vuto lotere lingafike zinaoneka ku Ogoniland m'dziko la Nigeria, kumene mafuta akhala akutayika kwa zaka zambiri kucokera m'mapaipi ndi m'zitsime za mafuta. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona za cilengedwe, UNEP, inalengeza kuti pamudzi wa Nisisioken Ogale anthu anali kumwa madzi okhala ndi benzene woposa malire kuwirikiza 900. Inanenanso kuti kuyeretsa dera lonselo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Njira zakale zocotsera dothi loipitsidwa ndi kulikumba ndi kukalikwirira kwina, kapena kuliwocha m'ng'anjo zazikulu. Yoyambayo imangosamutsa vuto. Yaciwiriyo imadya ndalama zambiri ndipo imasiya dothi lakufa. Ici ndico cifukwa cake akatswiri anayamba kufuna njira yochipa.

MMENE BOWA AMAGAYIRA CAKUDYA

Bowa amene amai amazula m'nyengo ya dzinja ndi cipatso cabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera tobisika m'dothi kapena m'mtengo. Munthu akatembenuza cipika cowola, amationa titayala ngati thonje kapena ukonde wa kangaude.

Si bowa aliyense amene angagwire nchito yoyeretsa. Tente, ndelema ndi bowa wina wa m'chire amakhala pa ubale ndi mizu ya mitengo yamoyo monga mombo, ndipo amalandira cakudya kwa mtengowo. Bowa wa paculu amalimidwa ndi ciswe. Amene akunenedwa pano ndi bowa womera pa mitengo yakufa, amene amawoletsa cipika n'kucisiya coyera ndi cofewa ngati siponji. M'gulu limeneli muli bowa wa oyisitala, amene alimi ena amalima m'mapepala a pulasitiki ndi kugulitsa m'misika ya m'tauni.

Cimene cimaumitsa mtengo ndi cinthu cochedwa liginini. Liginini ndi wovuta kugaya kwambiri, ndipo mwa zamoyo zonse, bowa woyeretsa mitengo ndiye katswiri womuphwanya. Bowa alibe kamwa kapena mimba. Timaulusi take timatulutsa timadzi togaya tochedwa maenzaimu, timene timasungunula cakudya kunja, kenaka bowayo amayamwa. Aliyense wodziwa kuphika thobwa anaonapo nchito ya maenzaimu: phala lolimba likathiridwa cimera, limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera. Mizu ya munkoyo imacitanso cimodzimodzi.

Cinsinsi cagona apa: liginini nayenso anapangidwa ndi mphete za kaboni zofanana ndi za poizoni wa m'mafuta. Ndiponso maenzaimu a bowa sasankha. Ali ngati nkhwangwa imene imadula mtengo uliwonse umene yapeza. Conco bowa akamadya utuci wosakanizidwa ndi dothi la oyilo, maenzaimu ake amaswanso mphete za poizoni. Zina zimasanduka mpweya wa kaboni ndi madzi. Zina zimasanduka tizidutswa tosavuta timene mabakiteriya a m'dothi amatsiriza. Timaulusi tija timathandizanso cifukwa timalowa m'timing'alu ta dothi ndi kufika kumene poizoni anabisala.

ZIMENE ZINAPEZEKA POYESA

Mu 1983 Ming Tien ndi Kent Kirk, pa malo ofufuzira za mitengo a Forest Products Laboratory ku Madison m'dziko la America, anapeza enzaimu imene bowa wochedwa Phanerochaete chrysosporium amaphwanyira liginini. Mu 1985 John Bumpus, Steven Aust ndi anzawo pa Michigan State University analengeza m'magazini ya Science kuti bowa yemweyo amatha kugaya benzopyrene, DDT ndi mankhwala ena osawola, mpaka mbali ina kusanduka mpweya. Izi zinacitika m'mabotolo a m'labotale, mmene kutentha, cinyezi ndi cakudya zinali kusamalidwa bwino.

Kunja pa dothi lenileni zinthu zinavutirapo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a boma la America anayesa bowa wa mtundu wapafupi ndi uja, Phanerochaete sordida, pa malo opakirako mitengo mankhwala ku Brookhaven, Mississippi. Ma PAH opepuka, a mphete zitatu, anacepa kwambiri. A mphete zinayi anacepako pang'ono. Koma a mphete zisanu kapena zisanu ndi imodzi, amene ndiwo oopsa pa nkhani ya khansa, anatsala m'dothi.

Kuyesa kochuka kwambiri kunacitika mu 1998 ku Bellingham m'boma la Washington, pa bwalo la magalimoto a dipatimenti ya misewu. Dothi loipitsidwa ndi dizilo ndi oyilo linaunjikidwa milumilu. Milu ina inathiridwa mabakiteriya, ina feteleza, ina bowa wa oyisitala, ndipo ina inasiyidwa osathira kanthu. Katswiri wa bowa Paul Stamets, amene anagwira nchitoyo pamodzi ndi bungwe lofufuza la Battelle, anafotokoza m'buku lake la mu 2005, Mycelium Running, kuti pa mulu wa bowa panamera bowa wamkuluwamkulu, fungo la dizilo linatha, tizilombo ndi mbalame zinabwera, ndipo pambuyo pake panamera zomera. Komabe lipoti limene linaperekedwa ku dipatimentiyo linali losamala. Linati oyilo sanali wofanana ponseponse m'dothimo, motero miyeso ya m'labotale sinathe kuonetsa bwino njira imene inaposa inzake, ndipo panalibe njira imene inafikitsa dothi pa mlingo wofunika m'miyezi inayi ya kuyesako.

Mu Africa, akatswiri a ku Nigeria afufuza bowa wa kwawo komweko. Mu 2003 Omoanghe Isikhuemhen ndi anzake anaonetsa kuti bowa wochedwa Pleurotus tuber-regium amatha kukula m'dothi losakanizidwa ndi mafuta okumbidwa pansi, ndi kuti mbewu zinamera bwinopo m'dothi limene bowayo anakhalamo. Pa University of Ibadan pacitikanso kafukufuku wambiri wa bowa pa dothi la oyilo wa injini.

Mwacidule, zimene zapezeka ndi izi: bowa amagayadi poizoni wa m'mafuta, koma amacita pang'onopang'ono, samaliza mitundu yonse, ndipo zimene zimatheka m'botolo sizitheka nthawi zonse pabwalo.

MMENE AKATSWIRI AMACITIRA

Coyamba amatenga dothi ndi kukaliyeza kuti adziwe mtundu ndi kuculuka kwa poizoni. Ngati oyilo wacita kunyowetsa dothi, bowa amafa, conco dothi lotere limasakanizidwa ndi zinthu zina kuti mphamvu yake icepe.

Caciwiri amamereza bowa pa cakudya cake, monga utuci, mapesi oduladula, zitsononkho kapena makoko a nshawa, mpaka timaulusi toyera titadzaza ponse. Zotsala m'mapepala a alimi a bowa akatha kukolola nazonso zayesedwa, cifukwa zimakhala zikali ndi timaulusi tamoyo ndi maenzaimu.

Cacitatu amayala pulasitiki yolimba pansi kuti madzi oipa asalowe m'nthaka, n'kuunjika dothi ndi cakudya ca bowa mosinthanasinthana. Muluwo umafunditsidwa kuti ukhale pamthunzi. Uyenera kukhala wa cinyezi ngati nsalu yofinyidwa, ndipo mpweya uzilowa, cifukwa maenzaimu sagwira nchito popanda mpweya wabwino. Dzuwa la mu October lingaumitse mulu ndi kupha bowa, ndipo mvula ya mu January ingaumize. Nkhungu zobiriwira ndi mabakiteriya a m'dothi nazonso zimalimbirana cakudya ndi bowayo, ndipo kawirikawiri zimamugonjetsa.

Pakapita milungu kapena miyezi, dothi limayezedwanso. Kuyeza kumeneku n'kofunika kwambiri cifukwa mphete yosweka mwatheka ingakhale ikali yapoizoni. Kutha kwa fungo kapena kwa mtundu wakuda si umboni wakuti dothi layera. Akatswiri ena amabzalamo mbewu ndi kuikamo nyongolotsi kuti aone ngati zikhala ndi moyo.

ZIMENE BOWA SANGACITE

Bowa sangawononge zitsulo. Oyilo wakutha amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo tocokera mu injini, ndipo dothi la magalaji akale lingakhale ndi mtovu wocokera ku mabatire ndi ku petulo wa masiku akale amene anali kuthiridwa mtovu. Mtovu suwola ndipo sugayika. Ici ndico cifukwa cake dothi la ku Kabwe likali kudwalitsa ana ngakhale kuti mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994. Mitundu yambiri ya bowa imayamwa zitsulo zotere ndi kuzisunga m'thupi mwake.

Motero bowa womera pa dothi la oyilo si ndiwo. Angaoneke wonenepa ndi woyera, ndipo angakhale wa mtundu umene umadyedwa masiku onse, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuphika sikucotsa mtovu. Bowa wotere asadyedwe, asagulitsidwe, ndipo asapatsidwe kwa nkhumba kapena nkhuku. Cimodzimodzinso bowa wozulidwa pafupi ndi galaji, kudzala, m'mbali mwa msewu waukulu, kapena womera pa mapolo ndi matabwa opakidwa mankhwala. Bowa wa oyisitala wolimidwa pa mapesi kapena utuci woyera alibe vuto ndipo ndi ndiwo zabwino. Mlimi angosamala kuti utuci wake usakhale wa matabwa opakidwa mankhwala.

Bowa sangayeretsenso madzi amene ali kale pansi pa nthaka. Amagwira nchito pamwamba pamene pali mpweya. Mafuta akafika m'citsime, banja lilibe njira yapafupi yowacotsera. Kolorini amapha tizilombo ta kolera koma sacotsa mafuta, ndipo kuwiritsa madzi sikucotsa oyilo kapena mtovu.

Conco nchito yoyeretsa dothi ndi bowa ndi ya akatswiri okhala ndi labotale. Banja lisaunjike dothi la oyilo kuseli kwa nyumba ndi kuthirapo bowa, n'kuganiza kuti pakapita mwezi lingabzalepo repu kapena tomato.

ZIMENE BANJA LINGACITE

1. Oyilo wakutha asatayidwe pansi, m'ngalande kapena m'cimbudzi. Ena amathira oyilo m'cimbudzi kuti aphe fungo ndi nchenche, koma dzenje la cimbudzi ndiyo njira yacidule yopita ku madzi a pansi. Phulusa ndi civundikiro ca pa bowo zimathandiza popanda ngozi.

2. Wokonza galimoto aike beseni kapena dramu lodula pansi pa injini, ndipo oyiloyo asungidwe m'cigubu cotseka bwino mpaka ataperekedwa kwa ololedwa kutolera. Mwa lamulo, oyilo wakutha ali m'gulu la zinyalala zoopsa. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi Zambia Environmental Management Agency, kapena ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 m'malo mwa Environmental Council of Zambia.

3. Oyilo akatayika, pathiridwe msanga utuci kapena mcenga kuti umwe, kenaka ziwoledwe ndi kuikidwa m'cigubu cotseka. Asakokolole ndi madzi.

4. Malo okonzera magalimoto kapena osungira dizilo akhale kutali ndi citsime, mamita osacepera 30, monga mmene alangizi amanenera za cimbudzi, ndipo akhale kumunsi kwake. Citsime cikhale ndi mpanda wa simenti ndi civundikiro.

5. Madzi onunkha palafini kapena dizilo, kapena okhala ndi mafuta owala ngati utawaleza pamwamba, asamwedwe ndipo asaphikire. Nkhaniyo ikanenedwe kwa ogwira nchito za ukhondo pa kiliniki ndi ku khonsolo.

6. Zigubu ndi madramu amene munali mafuta asasungire madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira, ngakhale atatsukidwa.

7. Oyilo wakutha, matayala, mapulasitiki ndi matabwa opakidwa mankhwala zisagwiritsidwe nchito pokoleza mbaula kapena pophikira. Utsi wake ndi wodzaza ndi PAH.

8. Oyilo asapakidwe pa zipere, mphere kapena zilonda, kaya za munthu kaya za ciweto. Mankhwala oyenera ali ku kiliniki.

9. Amakanika asambe m'manja ndi sopo asanadye, osati ndi petulo kapena dizilo. Asaike nsanza za oyilo m'thumba la buluku. Maovolosi acapidwe paokha, ndipo madzi ake asathiridwe pa ndiwo zamasamba. Cilonda ca pakhungu cimene sicipola cikaonetsedwe ku cipatala.

10. Ana asasewere pa dothi lakuda. Palafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa palafini kapena dizilo asamukakamize kusanza, cifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Atengeredwe ku cipatala nthawi yomweyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BANJA

Kodi oyilo wocotsedwa m'magalimoto a pafupi ndi nyumba amapita kuti? Kodi pali mtunda wotani pakati pa malo amenewo ndi citsime? Kodi zigubu zosungira madzi pakhomo zinali za ciani poyamba? N'cifukwa ciani bowa angagaye dizilo koma osati mtovu?

Kafukufuku wa bowa akupitirira m'maiko ambiri, ndipo zinthu zimene njirayi imafuna, monga mapesi, utuci ndi makoko a nshawa, m'Zambia muno n'zosasowa. Koma bowa amafuna miyezi kuti acepetse poizoni amene munthu amataya pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale atatero samaliza yense. Madzi akatayika sawoleka. Cigubu cotseka bwino pa galaji iliyonse ndico cingateteze citsime ca komboni lero lino.